Office ikukana kulowanso mu laputopu, mabandulo awiri apita, thandizeni abale

WakuMpondasi:

Mwaswera bwanji nonse apa. Paja amati safunsa anadya phula, ndiye ndabwera ndekha ndisanaononge zambiri. Ndili ndi laputopu yakale ndithu imene achimwene anga ananditumizira kuchokera ku Joni, ndiyo imandidyetsa, ndimataipira anthu makalata ofunsira ntchito, ma CV, makhadi a ukwati ndi zinkhoswe, komanso mwezi ukatha ndimalemba malipoti a kagulu ka asodzi ena a ku Malombe pa Excel. Munali Office 2016, mapulogalamu a Microsoft aja a Word ndi Excel, imene anandiikira mnyamata wina pa shopu ina pa boma pano kalekale, koma miyezi yapitayi inayamba kutulutsa kamzere kofiira pamwamba kuti siili activated ndipo masiku ena imakana kuti ndisinthe chilichonse mu fayilo. Ndinadandaulira achimwene aja ndiye anagula Office Home & Business 2021 yeniyeni kumeneko, anailembetsa pa akaunti yawo nkunditumizira imelo ndi pasiwedi pa WhatsApp.

Tsono apa ndi pomwe ndinalakwitsa kapena kaya. Lolemba ndinalowa mu Control Panel kuti ndichotse yakaleyo kaye, ili mkati mochotsa magetsi thii, ndipo laputopu yangayi batire linafa kale, chaja ikangochoka nayo imazima pompo ngati nyali. Atayaka madzulo ndinapeza Word kulibe, Excel kulibe, ndinati basi yachoka. Ndadawuniloda kafayilo koikira yatsopano, ndikadina kamayamba bwinobwino ndi kachithunzi kofiirira kaja kenako kamabwera uthenga wachingerezi nkuima. Ndayesa kasanu. Kawiri kanapitirirako pang'ono nkudya bandulo yonse osamaliza. Lachisanu lino kuli anthu awiri odzatenga makhadi a ukwati ndipo ndinalandira kale theka la ndalama, mutu wanga waima. Kodi ndingofomata basi?

Fundi_wa_Makawa:

Achimwene musafomate, chonde chonde. Matenda a chala sadula mwendo. Koma nanu mukuti "uthenga wachingerezi" osatiuza ukuti chani, ife tilosere? kkkk. Jambulani sikiriniyo ndi foni kapena lembani mawu ake onse, makamaka ngati pansi pake pali manambala kapena maina a mapulogalamu. Mutiuzenso Windows yake ndi iti, lowani Settings, System, About muwerenge pamenepo, chifukwa Office 2021 imafuna Windows 10 kapena 11, pa Windows 7 ndi 8 siilowa ngakhale mutaipempherera.

Mnyamata_wa_kabaza_99:

Akulu bweretsani kuno ndili ndi fulashi ya mnzanga ili ndi Office zonse ndi kapulogalamu kotsegulira, 10 minitsi yatheka, zogulazo nzovuta dala

WakuMpondasi:

Pepani fundi, kutentha kwa kuno ndi nkhawa zasokoneza mutu. Ndi Windows 10, 64-bit, RAM 4 GB. Uthengawo ukunena kuti yakumana ndi vuto chifukwa muli "Windows Installer based Office programs" ndipo pansi yalemba awiri, Microsoft Office Professional Plus 2016 ndi Microsoft Visio Professional 2016. Visio ameneyu sindikumudziwa ndipo sindinamugwiritsepo ntchito chibadwire. Nanga Professional Plus ikutchulidwanso bwanji poti ndinaichotsa?

Fundi_wa_Makawa:

Eyaa, tsopano mwalankhula. Nkhani yonse ili pa maina awiriwo ndipo laputopu yanu ilibe vuto lina lililonse loti mufomatire.

Ndifotokoze pang'ono kuti mawa musadzavutikenso. Office ili ndi njira ziwiri zolowera mu kompyuta. Yakale ija imatchedwa MSI kapena Windows Installer, ndi imene ma shopu ambiri amaika kuchokera pa fulashi kapena CD. Yatsopano ndi Click-to-Run, imene imadzikoka yokha pa intaneti, ndipo 2019 ndi 2021 zonse zimabwera mwa njira imeneyi basi. Tsono chosokoneza nchoti ngakhale maina ali osiyana, 2016, 2019 ndi 2021 mkati mwake zonse ndi version 16, ndiye ya MSI ndi ya Click-to-Run za nambala imodzi sizigona nyumba imodzi, ili ngati nkhani ya atambala awiri mkhola limodzi. Yatsopanoyo ikangonunkhiza kuti yakale ikadalipo imabwerera pakhomo.

Inu mukuti munaichotsa koma simunaichotse, magetsi anakudulirani pakati. Mafayilo a Word ndi Excel anafufutika ndiye simukuwaona, koma kaundula wa Windows amene timati registry akuwerengabe kuti Office 2016 ilipo. Visio uja ndi pulogalamu yojambulira mapulani ndi machati, anyamata a m'mashopu amangothira zonse zili pa fulashi kuti kasitomala aone ngati wapatsidwa zambiri. Ndi ya banja lomwelo ndiye nayo ikutsekereza.

Chitani chonchi. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani appwiz.cpl, mndandanda wa mapulogalamu ubwera. Chotsani Visio kaye. Muyang'anenso bwinobwino ngati muli Project 2016, language pack kapena proofing tools za 2016, zonsezo zichoke. Professional Plus ikaoneka yesani kuichotsa koma ndikukayika ngati ilole poti inaduka pakati, kawirikawiri imangotulutsa error. Ikakana pitani pa support.microsoft.com mufufuze uninstall Office, pali chida chawo chimene chimasesa zotsalira zonse, musankhe 2016 kapena musankhe kuti chichotse ma version onse. Chikamaliza muzimitse laputopu nkuyatsanso, osadumpha pamenepa, anthu ambiri amathamangira kuika yatsopano asanapange restart nkumadabwa kuti uthenga womwe uja wabweranso.

Ndipo zonsezi muchitire pamalo poti magetsi sazima. Ngati kuli mnzanu wa sola ndi invetala mupite kumeneko ngakhale mumugulire fanta. Kuduka kachiwiri pakati pa ntchito ngati imeneyi ndi kumene kungakufikitseni pofomata zenizeni.

Za fulashi ya mnzathu wa kabazayo ayi. Muli ndi laisensi yogula ndi ndalama za thukuta la achimwene anu, mukaikenso yobedwa chifukwa chani? Kamzere kofiira kanakuvutani kaja kanachokera komweko. Komanso tizipulogalamu totsegulira tija timafuna muzimitse kaye antivirus, ndipo ine pa benchi panga pafika malaputopu angapo amene anadwala chifukwa cha zomwezo.

Mnyamata_wa_kabaza_99:

Ine ndimangothandiza fundi kkkk yanga ikugwira mpaka lero

Mayi_a_ku_Namwera:

Bambo a ku Mpondasi, za ma MSI zo ine sindizitsata, afundi anena. Ine ndikufuna ndinene za bandulo poti zinandionekera kuno kumapiri komwe netiweki imabwera ndi mphepo. Kafayilo kamene munadawunilodako ndi kakang'ono, ntchito yake nkukoka Office yonse pa intaneti pamene mukuika, ndiye netiweki ikagwedera pang'ono basi mwaluza, muyambirenso. Pa hotisipoti ya foni ndiye usiku wonse ungathe.

Njira yabwino ndi offline installer. Mulowe pa account.microsoft.com ndi akaunti ya achimwene anuyo, pomwe pali Office yanu podina Install pamakhala posankha zina, musankhe offline installer. Imabwera fayilo imodzi yaikulu yothera ndi .img, ya ma GB anayi kapena kuposa, ndiye musayese ndi bandulo ya tsiku. Pezani pamene pali WiFi yabwino, ine anandikokera mwana wa achemwali anga amene amagwira ntchito pa loji ina ku Monkey Bay nkunditumizira fulashi pa minibasi. Chenjezo langa ndi ili, fulashi zambiri zimabwera zili FAT32 ndipo FAT32 siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB, imakuuzani kuti fayilo yakula pamene fulashi ili ndi malo ambirimbiri, ine ndinakangana naye mwanayo pa foni ndimaganiza akunama. Fulashiyo ifomatidwe kukhala exFAT kapena NTFS kaye, mutachotsamo zanu zofunika. Mukafika nayo kunyumba mumangodina kawiri fayiloyo imatseguka ngati CD, mkatimo muli Setup. Ndipo muisunge, tsiku lina idzakuthandizaninso.

Intaneti idzafunikabe pang'ono pomaliza kuti muilowetse akaunti, koma pamenepo ndi ma MB ochepa.

China, poti Lachisanu silidikira munthu, ikani LibreOffice lero lomwe kuti ntchito isaime. Ndi yaulere mwalamulo, kukula kwake sikufika ngakhale theka la GB, imatsegula mafayilo a Word ndi Excel ndipo siikangana ndi Office ina iliyonse. Kungoti posunga muzisankha docx kapena xlsx, chifukwa payokha imasunga mwa mtundu wake wa odt kapena ods ndipo kasitomala akakatsegula kwina amadzabweranso nkhope itakwinyika. Ine mabuku a banki mkhonde yathu ndinalembera momwemo chaka chathunthu.

Mphunzitsi_Malindi:

Ndiwonjezereko kamodzi kokha. Laputopu zoti batire linafa nthawi zambiri kabatire kakang'ono ka mkati kosunga nthawi nako kamakhala katatha. Yang'anani pakona pansipo ngati deti ndi nthawi zili zolondola. Yanga inkabwerera chaka cha m'mbuyo ikangozima, ndipo deti likalakwika mawebusaiti otetezedwa amakana kutseguka, kulowa mu akaunti kumakanikanso, iwe nkumatukwana netiweki yosalakwa. Muonenso malo pa C, Office payokha imafuna 4 GB, kuphatikiza fayilo ya mayiwa ngati muikopere momwemo.

Afundi anenanso zoona kuti 2016 isabwererenso, Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 October 2025, tsiku lomwelo ndi Windows 10. Ndiye nkhani ya Windows yanuyo muiganizirenso mukapeza mpata, koma imeneyo ndi ya tsiku lina.

WakuMpondasi:

Abale ndabwera ndi lipoti. Dzulo ndinanyamula laputopu pa kabaza kuwoloka buliji kupita kwa mlamu wanga amene ali ndi sola yaikulu pa grosale yake, ndinakhala kuseri kwa kauntala pakati pa matumba a shuga ndi makatoni a sopo kuyambira 9 koloko mpaka anthu akubwera ku swala ya masana. Visio anachoka mosavuta, ndinapezanso Project 2016 monga munanenera fundi, nayenso ndinamuthamangitsa. Professional Plus inakanadi, chida chija ndi chimene chinaichotsa ngakhale chinatenga nthawi yaitali moti ndinkaganiza chaima, mlamu anachita kundigwira dzanja kuti ndisadine kalikonse.

Aphunzitsi munalasa, deti linali lolakwika ndi zaka, sindinaonepo nkomwe chifukwa nthawi ndimayang'ana pa foni. Fayilo yaikulu ija anandikokera mnzanga wina wa pa ofesi ina pa boma, ndipo ya fulashi ija inatichitikira ndendende mayi, tinaseka. Kuika kwenikweniko sikunathe ndi theka la ola lomwe. Chimene chinandichedwetsa ndi polowa mu akaunti, inafuna kakhodi kamene kamapita pa foni ya achimwene ku Joni ndipo iwo anali pa ntchito foni ili mu loka, ndinadikira mpaka usiku, katatu konse kakhodi kankafika kwa ine katatha kale mphamvu chifukwa amachedwa kuwerenga WhatsApp. Pomaliza ndinawaimbira nkumawerengerana pa foni. Pano Word ndi Excel zikutseguka, kamzere kofiira kulibe.

Koma walira mvula walira matope. Publisher ili kuti? Makhadi anga onse a ukwati, ma design a zaka zinayi, ndinapangira mu Publisher ndipo pano mafayilo ake angoyera opanda chotsegulira. Ndalakwitsanso pena poika?

Fundi_wa_Makawa:

Simunalakwitse, ndipo pamenepa wolakwa ndine, munatchula makhadi poyamba paja ndinayenera kufunsa. Home & Business ili ndi Word, Excel, PowerPoint ndi Outlook, Publisher ndi Access zimapezeka mu Professional. Musayesenso kubwezeretsa Publisher 2016 ya pa fulashi, ndi MSI yomwe ija, mubwerera pomwe munayambira. Komanso Microsoft inalengeza kale kuti Publisher ikutha mu October 2026, ndiye kuigula pano nkutaya ndalama.

Ngati LibreOffice ya mayi a ku Namwera munaika, tsegulani LibreOffice Draw, File, Open, musankhe fayilo ya .pub, imatsegula. Sizituluka ndendende, mafonti ena amasintha ndipo mabokosi a mawu amasuntha pang'ono, ndiye muyang'anitsitse maina a akwati ndi deti la ukwati musanasindikize. Mukakonza muzisunga kopi ya PDF, ndiyo muzipita nayo kokapulinta.

WakuMpondasi:

Yatsegula fundi! Maluwa a m'mbali ali bwinobwino koma dzina la mkwatibwi lagwera pa chithunzi cha mphete ndipo fonti yopindikapindika ija yasanduka wamba. Khadi loyamba ndakonza, lachiwiri ndimaliza usiku uno magetsi akakhalapo. Alipo amene ali ndi mafonti a makhadi a ukwati anditumizire? Komanso batire la laputopu yakale ngati iyi lingapezeke pa boma pano kapena mpaka ku Blantyre?

Mayi_a_ku_Namwera:

Mafonti pitani pa Google Fonts ndi aulere, fufuzani Great Vibes, ndi imene ndinaika pa khadi la chinkhoswe cha mwana wanga. Za batire uzani achimwene anu omwewo, muwajambulire nambala yolembedwa pa batire lakalelo asagule lolakwika, apatsire amabasi obwera kuno.