Andilembera kalata ya kuchipatala chachikulu, ndipite kapena ndidikire?

Membala wobisa dzina: A admin ndibiseni chonde. Ndine woyembekezera, ndimakhala ku Rosettenville, kuno ku Joni. Lachiwiri kusikelo anandiyeza BP kawiri, kenako mkodzo, n'kundipatsa kalata yoti ndipite kuchipatala chachikulu. Sindinapite. Madam akuntchito ati ndikajombanso alemba wina. Abambo akunyumba ndalama zonse zikupita ku Mangochi komwe akumanga, ndikadandaula amangoti ana awiri aja unachira bwinobwino. Mlamu wanga tikumusunga chibwerere, satsuka ngakhale mbale, koma ndiwo amapakula ndiye. Landilodi naye wakweza lendi. Miyendo yatupa, mutu ukuwawa kuyambira dzulo. Pasipoti inatha. Akandilipiritsa zingati? Sakandigwira?

Anaphiri Original: MUSAYEREKEZE! Kuno ukangolowa ndi kalata yotero ndi mpeni basi. Ine wachitatuyu anandichita opareshoni ndisanamve n'komwe zomwe amakamba, mpaka lero kukazizira chilonda chimandiyabwa. Kwerani basi, Chatinkha ilipo ku Queens, Bwaila ilipo, mukachirire pafupi ndi mayi anu.

Mayi a Tadala: Mimbayo ndi ya miyezi ingati? BP anakuuzani kuti ili pati?

Che Jafali: Mlamuyo ali pabanja? Pali mnzanga akufunsa, ali ndi mbale ziwiri zokha.

Mbewe wa ku Yeoville: Za ndalama musaope. Mu April 2023 High Court ya ku Johannesburg inagamula pa mlandu womwe bungwe la SECTION27 linakasuma, kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 athandizidwe ulere m'zipatala za boma, kaya ndi akunja kaya alibe mapepala. Akakupatsani bilu, auzeni zimenezo.

Anaphiri Original: A Mbewe, khothi lanulo limaima pageti? Ine anandibwezera pakhomo pa kiliniki ina, anthu osavala n'komwe yunifolomu akufunsa ID. Inu munayamba mwakhalapo ndi pakati?

Mbewe wa ku Yeoville: Kubweza munthu wodwala mwadzidzidzi n'kuphwanya malamulo a dziko lino, gawo 27.

Anaphiri Original: Mukawawerengere amenewo.

Sisita Nachisale: Ndinagwirapo ntchito ya uzamba kwathu. Mayi, BP yofika 140/90 pamodzi ndi zomwe apeza mumkodzo, mimba itapyola masabata 20, timaganizira pre-eclampsia, matenda oopsa a BP a amayi oyembekezera. Mutu womwe mukunenawo ndi umene ukundiopsa. Mukayamba kuona chimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kupweteka pansi pa nthiti chakumanja, kapena mwana akachepetsa kugunda, mutha kukomoka n'kumaphupha nthawi iliyonse. Pitani lero, osati mawa. Tengani kalatayo ndi khadi lakusikelo, mupite komwe alembapo. Zikavuta itanani ambulansi, imbani 112 pafoni kapena 10177.

Gogo Nasibeko: Kale tinkangomwa mwanamphepo, mwana n'kutuluka. Ndili nawo wina akafuna.

Sisita Nachisale: Agogo pepani, ayi. Umenewo umabweretsa matenda mwamphamvu, chiberekero chimatha kung'ambika. Kwa munthu wa BP ndiye n'kumupha.

Bambo a Junior: Koma amayi inu mumatani? Mapepala mulibe, ntchito yake ya m'nyumba, mwana wachitatu. Zakulera zili ulere kiliniki iliyonse.

Mayi a Tadala: Mimbayo anadzipatsa yekha? Amuna a kuno ku Joni mumatopetsa, njerwa mumaziwerengera koma mkazi ayi.

Anaphiri Original: Wanganso anamanga ku Dedza ine ndili pabedi, nyumbayo lero akukhalamo ndi wina. N'chifukwa chake ndikuti PITANI KWANU.

Sisita Nachisale: Anaphiri, basi ya ku Malawi imayenda pafupifupi masiku awiri, Beitbridge, Nyamapanda, Tete, munthu ali chikhalire miyendo yotupa. Akakomokera pamzere wa pabodala mukamuthandiza ndinu? Akuwatumiza kuchipatala chachikulu chifukwa kumeneko, monga ku Bara (Baragwanath), Charlotte Maxeke ndi Rahima Moosa, kuli madokotala ndi chipinda cha ana obadwa osakwana masiku. Amapereka mankhwala otsitsa BP ndi magnesium sulphate woteteza kukomoka. Ngati mimba sinafike masabata 34 amabayanso jakisoni wokhwimitsa mapapo a mwana. Opareshoni si aliyense, zimatengera mmene awapezera.

Mayi a Miracle: Wanga anabadwa wa miyezi 7 chifukwa cha BP yomweyi, 1.4 kg, kamutu ngati lalanje. Anakhala m'makina, ine ndikufinyira mkaka m'kakapu, usiku wina ndinagona pampando. Kenako kangaroo, pachifuwa usana ndi usiku. Ntchito inathera pomwepo, sindinama. Pano ali ku kireshi, wovuta kwabasi. Kodi pali amene akudziwa madam wofuna munthu chakuno ku Randburg?

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Koma mlamu uja ali pagulu lomwe lino, wawerenga ndipo wadziwa kuti ndine. Waimbira achimwene ake, kuno kwavuta.

Sisita Nachisale: Za mlamu zisiyeni kaye. Miyezi ingati? Mwanyamuka?

Che Jafali: Alamu, popeza mulipo, tayankhani funso lija.

Anaphiri Original: Basi ya Lachinayi malo alipo, kondakitala ndi mwana wa achemwali anga. Ndipezeni ku inbox.