Baji ya agogo ya KAR: tisindikize yakale kapena yokonzedwayi?

Abale, ndithandizeni nzeru. Agogo anga aamuna adamenya nkhondo ku Burma mu 1944 ali m'gulu la King's African Rifles (KAR), ndipo adatisiyira baji ya pachipewa, yamkuwa, yokhala ndi kalipenga. Pokonzekera mwambo wokumbukira asilikali mu Novembala kuchipilala cha ku Area 18, ndinapempha wojambula wina ku Old Town kuti aiike pamalaya a banja lonse. Iye waikongoletsa ndi mitundu, ati ioneke yamakono.

Amalume atangoiona anapsa mtima: "Iyi si ya bambo anga!" Mpaka anakumbutsa za mbendera ija idasinthidwa mu 2010 n'kubwezedwa mu 2012. Ine yatsopanoyo ikundisangalatsa ndithu, koma ndikuopa kukhumudwitsa akuluakulu.

Tisindikize iti? Nanga munthu wamba amaloledwa kuvala chizindikiro cha usilikali chotere?