Flanking mu masewera a Dungeons & Dragons, mtundu wachisanu (5e): tiisiye kapena tiikonze?

DM Watsopano:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru, ndangoyamba kumene kukhala DM (Dungeon Master, woyendetsa masewera). Tikutsatira lamulo la flanking la mu Dungeon Master's Guide ya 2014, lija loti awiri akamuika mdani pakati amapeza advantage (kuponya dayisi kawiri n'kutenga nambala yaikulu). Koma nkhondo iliyonse ikumathera pa mzere umodzi: fighter, goblin, rogue, goblin, cleric, aliyense wapanikiza mnzake. Barbarian nayenso wasiya Reckless Attack, luso lomupatsa advantage pomenya koma lopatsanso adani advantage pomumenya. Ndikulakwitsa kawerengedwe, kapena lamulolo ndi lotero? Timasewera pa mapu a timabokosi.

Mwini Madayisi:
Yambani mwaona kayezedwe, achimwene. Jambulani mzere kuchoka pakati pa bokosi la woukira woyamba kufika pakati pa bokosi la wachiwiri. Mzerewo ukadutsa mbali ziwiri zoyang'anana za bokosi la mdani, kapena makona awiri oyang'anana, ndiye flanking. Wina kumpoto wina kummawa, ayi. Onse akhale moyandikana ndi mdaniyo, ndipo amene sakumuona kapena ali incapacitated (sangathe kuchita kanthu) sawerengedwa. Advantage yake ndi ya melee (kumenya pafupi) yokha, wa uta asayembekezere kanthu. Chilombo chachikulu ngati ogre, chodzaza mabokosi anayi, chimapanikiza ngakhale bokosi lake limodzi lokha litakhala pamalo oyenera.

Mlongo wa Paladin:
Ngakhale muyeze bwino, mzerewo udzabwerabe, chifukwa gwero lake ndi opportunity attack, nkhonya yowonjezera imene mdani amakumenya ukamasuntha. Mu 5e mdani amakumenya nkhonyayo pokhapokha ukamatuluka pamene chida chake chimafika. Ukhoza kumuzungulira mpaka kumsana osakhudzidwa, bola usatalikire. Mu 3.5, mtundu wakale wa D&D, kungochoka pa bokosi limene mdani akuliopseza kunali kuitana nkhonya, ndipo phindu la flanking linali +2 basi. Kumeneko umagula malo ndi magazi ako. Kuno ndi ulere, koma mphoto ndiye yakula.

Taonani masamu. Ngati ukufunika 11 kapena kuposa pa d20 (dayisi la mbali 20), mwayi ndi 50 peresenti, ndi advantage umafika 75. Kumeneko n'chimodzimodzi +5. Critical (kugwetsa 20 weniweni pa d20) imachoka pa 5 peresenti kufika 9.75. Ndiye poti advantage siunjikana, chilichonse chimene chimaipereka chimatha ntchito kwa omenya pafupi: matsenga a Faerie Fire, Help (kuthandiza mnzako), kugwetsa mdani pansi, Pack Tactics ya mimbulu. Barbarian wanuyo waganiza bwino. Alolerenji kuti adani amumenye ndi advantage pofuna chinthu chimene angachipeze pongoyenda mabokosi awiri? Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti flanking imafafanizanso disadvantage (kuponya kawiri n'kutenga nambala yaing'ono), moti munthu wa poisoned (wopatsidwa poizoni, amene amakhala ndi disadvantage) amamenya ngati wabwinobwino.

Wa Pathfinder:
Ine sindinganene kuti muichotse. Malo oima ayenera kukhala ndi phindu, apo ayi aliyense amangoima chilili n'kumaponya madayisi. Mu Pathfinder 2e, masewera ena ofanana ndi D&D, mdani woikidwa pakati amakhala off-guard, AC yake (nambala imene womumenya ayenera kufika) imatsika ndi 2, koma kwa okhawo amene amupanikiza. Chitani zofanana: +2 m'malo mwa advantage. Imawonjezera 10 peresenti yokha, critical sisintha, Reckless Attack imabwerera mwakale. Auzeni osewera masewera asanayambe, ndipo adziwe kuti ma goblin eyiti adzalandiranso +2 yomweyo. Lamuloli limakomera mbali imene ili ndi anthu ambiri, ndipo kawirikawiri ndi ya DM.

DM Watsopano:
Zikomo nonse. Nanga rogue sataya Sneak Attack (luso lake lovulaza mowonjezera akakhala ndi advantage) ndikasintha?

Mlongo wa Paladin:
Ayi ndithu. Akungofunika mnzake amene sali incapacitated aime mkati mwa mafiti 5 kuchoka pa mdaniyo, mbali iliyonse, ndipo iye asakhale ndi disadvantage. Flanking siilowapo.

Mwini Madayisi:
Mapu nawonso muwakonze, poti mzere umakula pabwalo lopanda kanthu. Ikani khomo la bokosi limodzi, zipilala, dzenje. Munthu sangadutse m'bokosi la mdani pokhapokha atasiyana misinkhu iwiri, choncho fighter akaima pakhomo palibe goblin wofika kumsana kwake. Kumbukiraninso cover: amene waima pakati pa wa uta ndi chandamale amapatsa chandamalecho +2 pa AC, kaya ndi mdani kaya mnzake. Yesani +2 ija magawo atatu, muwerenge kuti barbarian wachita Reckless kangati.