Thandizeni pa tan 15° abale

Akatswiri a masamu muli pano? Ndili ku Area 25 kuno, mayeso ayandikira ndiye ndikulimbana ndi ma identity a trigonometry, aphunzitsi akuti calculator ayi, akufuna yankho la tan 15° likhale la ma surd (manambala okhala ndi √) osati 0.2679. Sin 75° ndiye bhobho, ndimangoiphwanya 45° + 30° mpaka kupeza (√6 + √2)/4. Koma tan 15° yandizunguza mutu, ndikaika tan(45° − 30°) mu fomula ya tan(A − B) ndikumafika pa (√3 − 1)/(√3 + 1) basi ndaima pompo, pomwe yankho lake akuti ndi 2 − √3. Kodi √3 wapansiyo amachoka bwanji? Ndichulukitse ndi chani pamwamba ndi pansi? Wina andilembere papepala sitepe ndi sitepe ajambule atumize chonde, bandulo yangayi ndi ya WhatsApp yokha, za YouTube sindingakwanitse.