Mano 60 pafupifupi onse utoto walowa mpaka pansi, ndalakwitsa pati?

Nachisale:
Anzanga a m'labu ndithandizeni, mutu waima. Ndikuyesa ngati utoto ungalowe pakati pa dzino ndi chomatira. Mano a premolar 60, mabowo a pafupi ndi nkhama (class V), omatidwa ndi GIC (glass ionomer cement, simenti yomatira mano) mitundu iwiri, kutsindira ndi chala monga pa ART (njira yomata mano ndi zida zamanja zokha). Thermocycling (kuviika m'madzi ozizira ndi otentha mosinthanasinthana) maulendo 500 pa madigiri 5 ndi 55, vanishi ya zikhadabo kawiri kusiya 1 mm, utoto wa methylene blue 2% maola 24. Ndadula manowo dzulo, pafupifupi onse score 3 (utoto walowa mpaka pansi), magulu awiriwo osasiyana n'komwe. Pa stereomicroscope GIC yang'ambikang'ambika ngati dothi la kudambo mu Okutobala. Ondiyang'anira akufuna chaputala cha zotsatira mwezi uno. Mano ena ndilibe, awawa ndinatolera miyezi 8.

aPhiri:
Pepani achemwali. Munkawasunga m'chiyani? Muyezo wa ISO/TS 11405 wa 2003 unkati mankhwala a chloramine T 0.5% osapyola sabata, kenako madzi a distilled m'firiji pa madigiri 4, ndipo dzino lisadutse miyezi 6 chizulireni. Ena mwa anuwo adutsa. Komanso mutapaka vanishi anakhala pa benchi nthawi yaitali bwanji?

Nachisale:
Usiku wonse, kuti vanishi iume bwino. Mayo ine.

aPhiri:
Ndi pamenepo. GIC ili ndi madzi m'kati, ikauma imanyala n'kulekana ndi dzino. Nanga mu Julaye muno mu Johannesburg, milomo yathu yomwe ikusweka. Utotowo unangotsata ming'alu ya usiku umenewo.

Madala Ngozo:
Za utoto n'zachikale. Mukadula dzino mumaona mbali imodzi yokha, kwinako mukungoganizira. Micro-CT, sikani ya X-ray yoona m'kati mwa dzino osalidula, ilipo ku yunivesite ya Wits, ilinso ku Necsa, bungwe la za nyukiliya, ku Pelindaba. Pitani kumeneko.

Gondwe wa mizu:
Ine si wa mano koma makinawo ndinawalawa. Ndinabzala chimanga m'mapaipi a PVC kuti ndione mizu osaizula. Dothi lonyowa ndi muzu pa chithunzi zimatuwa mofanana, ndinatha milungu itatu pa kompyuta ndikulondola muzu umodziumodzi, maso kuchita kufiira. Paipi ikakula timizu tating'ono sitioneka. Mapeto ake ndinabwerera kotsuka pa sefa n'kuyala pa sikana ya WinRHIZO, ngakhale kumenekonso taubweya timapita ndi madzi ukangotsegula mpopi kwambiri. Chenjezo langa, sikani imatenga nthawi ndipo chinthu chimauma chili m'katimo. Ngati GIC yanu imadana ndi kuuma, mukulunge dzinolo ndi pulasitiki ya Parafilm ndi kathonje konyowa.

aPhiri:
Madala, methylene blue saoneka pa X-ray. Pamafunika silver nitrate 50%, ndiye kuti mano atsopano. Ndipo kusintha njira ndiye kubwerera ku komiti ya ethics kukapempha chilolezo china, osangoyamba. Silver ameneyu musamugwire opanda magolovesi, ine zala zinada masabata awiri, kutchalitchi ankandifunsa ngati ndayamba umakaniki.

Madala Ngozo:
Zonsezo zimatheka. Oyesa akadzafunsa chifukwa chimene munasankhira utoto mudzayankha chiyani? Micro-CT basi.

Nabanda:
Musaiwale magetsi. Mu 2023 pa stage 6 ya kuzimitsa magetsi beseni la madzi a madigiri 55 linazizira usiku, ife osadziwa, tinazindikira m'mawa titaviika thermometer. Gulu lonse tinataya, ndinalira m'takisi njira yonse. Nachisale, kaya muchita chiyani, musataye zidutswazo ndipo musasinthe ma score. Lembani zimene zinachitika mmene zinachitikira. Ma score munawerenga nokha kapena munali awiri? Popanda kappa, nambala yoonetsa mmene owerenga awiri agwirizanira, adzakubwezani.

Nachisale:
Ndekha. Wachiwiri ndimupeza kuti nthawi ino?

Madala Ngozo:
Pa micro-CT mumayeza volume, za awiri sizivuta choncho.

Gondwe wa mizu:
Zimavuta madala, threshold (malire osiyanitsa zinthu pa chithunzi) amaika ndi munthu, awiri akaika mosiyana manambala amasiyananso.