Thandizeni nzeru: mjigo tili nawo, koma madzi akwera bwanji kufika m'makomo?

Mwini funso:
Akuluakulu a pagulu pano, makamaka odziwa za mapaipi, ndithandizeni tisanataye ndalama. Ndife mabanja 16 apachibale, tinasamukira malo atsopano kumapiri a ku Ntcheu. Kulibe mapaipi a boma, kulibenso magetsi. Tonse pamodzi ndi ana tikukwana 90. Tinasonkherana, abale a ku Joni anaikapo zambiri, ndiye tinakumbitsa mjigo wa mamita 45 kumunsi, pafupi ndi dambo. Panopa pali pampu ya Afridev yopopa ndi manja.

Vuto ndi chitunda. Nyumba zili m'mbali mwa phiri, amayi akukwera ndi zigubu pamutu m'mawa ndi madzulo, ndipo agogo awiri akudalira adzukulu. Tikufuna pampu ya sola, thanki ndi mapaipi. Pamwamba pa nyumba zonse pali thanthwe lalikulu losalala. Mnyamata wathu anayeza ndi foni, akuti kuchoka pamjigo kufika nyumba yoyamba ndi kukwera mamita 10, kufika pathanthwe mamita 35, ndipo nyumba yapamwamba penipeni ili mamita 4 okha pansi pa thanthwelo. Utali wa njira yonse ndi ngati mamita 400.

Wogulitsa zipangizo wina watiuza kuti tigule thanki ya malita 5,000, tiwotcheretse sitandi yachitsulo ya mamita 6 pafupi ndi mjigo, kenako mapaipi a pulasitiki a PVC a 25mm paliponse. Mtima wanga ukukayika. Komanso pabuka mkangano: amene anasonkha zambiri akufuna mpopi pakhomo pawo ndi paipi yopita kudimba, pomwe amalume akuti mipopi itatu ya tonse basi. Tiyambire pati?

Pulambala wa ku Zomba:
Achimwene, sitandi imeneyo musawotcheretse. Madzi sakwera kuposa pamene thanki yakhala. Thanki ikakhala mamita 6 pamwamba pa mjigo, pomwe nyumba yoyamba ili pa mamita 10, ndiye kuti palibe khomo ndi limodzi lomwe lidzaone dontho. Thanthwe lanulo ndi sitandi yaulere. Thanki ya malita 5,000 ikadzadza imalemera matani asanu, thanthwe silingadandaule nazo. Mungowaka silabu yosalala bwino kuti pansi pa thanki pasabooke.

Koma musanagule ngakhale elbow imodzi, mjigowo umatulutsa madzi ochuluka bwanji? Zonse zagona pamenepo. Anthu 90 akamatunga pampopi wa tonse, tinene malita 20 aliyense patsiku, ndi malita 1,800. Mpopi ukafika pakhomo anthu amamasuka, kusamba kawiri, kuchapa tsiku lililonse, ndiye werengerani malita 50, omwe ndi 4,500. Dimba sitinaliikepo. Pampu ya sola imagwira ndi mphamvu maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Mjigo wotulutsa 0.5 lita pa sekondi ukupatsani malita 1,800 pa ola, mwalemera. Wotulutsa 0.2 ndi malita 720 pa ola, patsiku pafupifupi 4,300. Pa Afridev umaoneka wamphamvu chifukwa dzanja la munthu limapuma, koma ukauika pampu yamagetsi yaikulu umaphwa usanafike masana.

Mwini funso:
Zikomo achimwene. Okumba aja sanatisiyire pepala lililonse. Anangoti madzi alipo ambiri musadandaule, kulandira ndalama, kupita. Foni sakuyankhanso.

Pulambala wa ku Zomba:
Ndiye pezani anthu ochita pumping test. Amatsitsa pampu yawo, kupopa maola angapo osalekeza uku akuyeza mmene madzi akutsikira, kenako kuona kuti akubwerera msanga bwanji. Akupatseni zolembedwa. Pepala limenelo ndi lomwe mukagulire pampu. Ndipo pogula musanene mamita 35 okha. Onjezani kuya kumene madzi amatsikira mukamapopa, ndi mphamvu yotayika m'paipi ya mamita 400. Mukhoza kupeza kuti mukufunika pampu yokweza mamita 60 kapena kuposa. Ikhale ndi sensa yoti izizima yokha madzi akachepa m'chitsime, apo ayi idzapsa. Foni nayo imanama pa za kukwera kwa malo, yezaninso ndi paipi yoonekera mkati ija amisiri omanga amathira madzi potenga levulo.

Wongodutsa:
Kkkkk wa sitandi uja ali ndi mlamu wake wowotcherera zitsulo, osakayika.

Mkulu wopuma ntchito za madzi:
Mwana wanga, zimene mukufuna kuchitazi si zachilendo m'dziko muno. Ku Chingale ku Zomba anthu anayamba mu 1968 kukumba okha ngalande ndi kutsitsa madzi a m'phiri m'mapaipi popanda injini, ndipo nzeruyo inafalikira ku Mulanje ndi Phalombe. Kusiyana kwake n'kwakuti inu mukweza kaye madzi, kenako atsike okha.

Tamverani za kutsikako, poti ndi pamene abale amadanirana. Mamita 10 aliwonse otsika amapereka pafupifupi bar imodzi, womwe ndi muyezo wa mphamvu ya madzi m'paipi. Nyumba yam'munsi idzakhala ndi ma bar awiri ndi theka, madzi othamanga mpaka kukhavukira kunja kwa ndowa. Yapamwamba, ya mamita 4, sidzafika ngakhale theka la bar. Mukawalumikiza onse papaipi imodzi yopyapyala, akumunsi akangotsegula m'mawa, akumtunda adzamva mpopi ukungopuma mpweya. Tulutsani mapaipi awiri kuchoka pathanki, ina ya akumtunda ina ya akumunsi, iliyonse ndi gate valve yake yotsekera ndi kutsegulira madzi. Paipi yaikulu ikhale 40 kapena 50mm, nthambi 25, yofika pampopi 20. Paipi yokweza madzi ikhale payokha, musagwirepo nthambi ngakhale wina apemphe bwanji kuti yadutsa kuseri kwa khitchini yake.

Ine ndingasankhe HDPE, yakuda ija yobwera yokulungidwa mamita 100. Zolumikiza zimachepa, ndipo imapindika potsata miyala. PVC ikakhala padzuwa imauma n'kumathetheka. Kwirirani mozama, masentimita 60 kapena kuposa, makamaka podutsa m'munda. Khasu la wopanga mizere silidziwa kuti pansi pali paipi, ndipo moto wa anyamata osaka mbewa umasungunula pulasitiki iliyonse yoonekera. Pathanthwe posakumbika gwiritsani paipi yachitsulo. Pomwe paipi yakwera n'kutsikanso ikani air valve yotulutsa mpweya, pamalo otsika penipeni ikani potsukira matope. Jambulani mapu a njira yonse, musunge m'manja mwa anthu awiri.

Musamalenso mitengo kumtunda kwa dambo lanulo. Kwanu komweko damu la Mpira linaphwa mu 2018, anthu mpaka ku Balaka anavutika.

Mayi wa komiti ya madzi, Phalombe:
Bambo, amalume anu akunena zoona, koma osati zonse. Ife kuno mpopi wa tonse umavuta chifukwa ukathyoka aliyense amati si wake. Wa pakhomo umavuta chifukwa wina amathirira tomato usiku wonse pomwe mnzake alibe a nsima. Yambani ndi mipopi itatuyo, wina muuike pafupi ndi agogo aja. Pamapaipi siyani malo otseka oti mudzalumikize makomo pambuyo, mukaona chaka chathunthu kuti mjigo ukukwanitsa. Wofuna wa pakhomo agule mita yake, azilipira monga mwa madzi amene wagwiritsa. Zoti ndinasonkha zambiri zithere pa kugula zipangizo. Mukazilola kulowa m'kagawidwe ka madzi, mudzakhala pabwalo la amfumu mwezi ndi mwezi.

Ndalama ya mwezi muyambe kutolera tsiku limene madzi atuluke, anthu akadali osangalala. Isungidwe ku akaunti yosainira anthu atatu, awiri akhale amayi. Namondwe Freddy atakokolola mapaipi kuno mu Malichi 2023, amene tinali ndi mjigo wamanja pafupi ndi amene tinapumako. Afridev yanuyo musagulitse.

Pulambala wa ku Zomba:
Mayi, pa Afridev ndikuvomera kuti asagulitse, koma kuika mapampu awiri m'dzenje limodzi lopapatiza si zapafupi. Aizule bwinobwino, ndodo ndi mapaipi ake azisunge m'nyumba kuti sola ikafa aibwezeretse tsiku lomwelo. Ndipo mu Juni ndi Julayi kumapiri kumachita mitambo masiku angapo otsatizana, thanki imodzi ya 5,000 sidzakwana ngati afika pa mipopi ya m'makomo. Silabu iwakidwe yokwana matanki awiri, yachiwiri idzabwera ndalama zikapezeka.

Wa zaumoyo:
Palibe watchula zimbudzi. Nyumba zili kumtunda, mjigo kumunsi, ndiye zonse zolowa pansi zikulowera komweko. Chimbudzi, khola kapena dzenje la zinyalala zisayandikire mamita 30, ndipo poti zili kumtunda talikitsani kuposa pamenepo. Kolera wa 2022 mpaka 2023 tisamuiwale. Kayezetseni madzi kudzera ku ofesi ya zamadzi ya boma lanu. Thanki ikhale yotseka ndi loko, muziitsuka, ndipo mlangizi wa zaumoyo akuonetseni muyezo wa klorini. Funsaninso za chilolezo ku National Water Resources Authority, bungwe la boma loyang'anira za madzi, lamulo la madzi la 2013 limakhudza mijigo.

Mwini funso:
Mwandithandiza kwambiri nonse. Sitandi tayileka, ndalama yake ipite ku pumping test. Za mita ndikazitula kwa amalume Loweruka, akazinene ndi iwo, poti ine a ku Joni sangandimvere. Funso lina: kuyezako tichite panopa, kapena tidikire? Nanga ma panelo tiike pamjigo kudambo, komwe usiku kulibe munthu?

Pulambala wa ku Zomba:
Yezani mu Okutobala kapena kuyambiriro kwa Novembala mvula isanagwe, madzi ali pansi penipeni. Mukayeza mu Malichi mjigo uliwonse umaoneka wabwino. Ma panelo akhale pafupi ndi mjigo, chifukwa waya wa mamita 400 ndi wodula ndipo umadya mphamvu. Aikeni pamwamba, mabawuti awotcheredwe, mpanda uzungulire. Ngati pali mnyamata amene akufuna malo omangapo, mupatseni pafupi pomwepo, koma chimbudzi chake chikakhale kumunsi kwa mjigo.