Tanthauzo la mwambi: "Nyimbo imodzi sachezera gule"

Wakwaya_Zomba: Akuluakulu ndithandizeni. Aphunzitsi athu a kwaya amatifotokozera mmene symphony (nyimbo yaitali yoimbidwa ndi gulu lalikulu la zida) ya m'nthawi ya Haydn ndi Mozart, akatswiri opeka nyimbo a ku Ulaya, imakhalira. Akuti imakhala ndi zigawo zinayi: choyamba chothamanga, chachiwiri chodekha, chachitatu minuet yomwe inali gule wa m'nyumba za mafumu, chomaliza chothamanganso. Pomaliza anati "pajatu nyimbo imodzi sachezera gule." Amalume nditawauza anakana, akuti mwambiwu sukamba za nyimbo n'komwe. Akulondola ndani?

Nagama: Malemu agogo anga ku Ntcheu ankaunena nthawi yobzala. Akaona mayi abzala chimanga chokhachokha ankapita okha kukaponyamo nyemba ndi maungu, kudimba n'kuikako mbatata. Chaka china mvula inadula mu Januwale ndipo tinapulumukira mbatata zomwezo. Amalume anuwo akunena zoona mwanawe.

aPhiri_Bulawayo: Nonse mwalumpha mawu oti "kuchezera". Kuchezera ndi kufika mbandakucha muli pabwalo. Mwambiwu sukuwerenga nyimbo ayi, ukudzudzula munthu wobwereza chinthu osachisintha. Agogo anga aakazi pamtondo ankaimba nyimbo imodzi mpaka mphale kuyera, koma ulendo uliwonse ankaikamo mawu atsopano, lero apongozi, mawa mwamuna wopita ku Joni. Azungu nawo ankachita zomwezo. Bach m'chaka cha 1741 anasindikiza Goldberg Variations, maziko ake amodzi koma anawasanduliza ka 30. Mozart anatenga kanyimbo ka Chifalansa n'kukasintha ka 12. Imeneyo ndi nyimbo imodzi, ndipo ikhoza kuchezera.

Mlongoti: Ayi aPhiri, aphunzitsi aja sanaphonye. Symphony isanakhazikike, m'nthawi ya Baroque, yomwe ndi nthawi ya Bach uja, ankalumikiza magule osiyana: allemande wa ku Germany, courante wa ku France, sarabande wodzera ku Spain woyenda mwaulemu, kenako gigue wodumphadumpha. Chifukwa chake n'chomwecho, khutu limatopa. Kwathu ku Dowa pa chinamwali ang'oma sankakhalira kamenyedwe kamodzi, agogo akangokweza dzanja basi yasintha.

aPhiri_Bulawayo: Nanga rondo, nyimbo yobwerera mobwerezabwereza ku chiyambi chake, muinena bwanji achimwene? Chigawo chomaliza cha ma symphony ambiri a Haydn chimabwerera ku nyimbo yoyamba ija kangapo, pakati n'kuikapo zina. Chimakoma chifukwa yakale ija yabweranso. Ndikubwereza, vuto si umodzi, vuto ndi kuuma mutu.

Nachisale: Ine ndinkaumva mosiyana. Agogo ankaunena mlendo akakhalitsa, nkhani zake zitatha, kutanthauza kuti anthu atopa. Zikundikumbutsa za Haydn yemweyo. Anagwira ntchito kwa banja la akalonga la Esterházy zaka pafupifupi 30. M'chaka cha 1772 kalonga anawasunga oimba nthawi yaitali kunyumba yake ya kumudzi, akazi awo ali kutali. Haydn analemba Symphony 45, ndipo kumapeto kwake woimba aliyense ankazimitsa kandulo yake n'kutuluka mpaka kunatsala awiri okha a vayolini. Kalongayo anamva mwambiwo popanda womuuza.

aPhiri_Bulawayo: Amayi, nkhani yanuyo ndi yokoma koma ikundivomereza ine. Onaninso ojambula. Raphael anajambula Maria ndi mwana wake kambirimbiri, m'munda, pampando, m'mitambo. Caravaggio pambuyo pake anatenga nkhani za m'Baibulo zomwezo n'kuziika mumdima, kuwala kukugwera mbali imodzi, oyera mtima ali ndi mapazi akuda ngati alimi. Nkhani ndi yomweyo, chasintha ndi kaperekedwe.

Mlongoti: Ndiye mwavomera nokha kuti pafunika kusintha. Mukasanduliza ka 30 zakhala nyimbo 30, sinso imodzi.

aPhiri_Bulawayo: Sindinavomere. Mwana akasintha malaya sakhala mwana wina.

Nagama: Chondiwawa ine n'choti ana a masiku ano mawu oti kuchezera sakuwadziwa. Mdzukulu wanga anandifunsa ngati ndi kucheza pa WhatsApp. Sanagonepo pa mchezo, sanaonepo moto wa pabwalo ukuzilala anthu akuvinabe. Mwambi aumva bwanji?

Nachisale: Zoona mayi. Ukawaponyera mwambi amangoti "bho" n'kumapita. Chiganizo chimodzi theka Chizungu theka Chichewa, ndipo pa wailesi pomwe ndimamva owulutsa achinyamata akudula miyambi pakati. Wina tsiku lina anati "nyimbo imodzi savinira", mapeto ake anawataya kuti?

Wakwaya_Zomba: Tilipo ena ofuna kuphunzira amayi, n'chifukwa ndafunsa. Loweruka tili ndi pulakatisi ya Hallelujah ya Handel. Ndikawauze chiyani aphunzitsi aja?

Mlongoti: Kawauzeni kuti analondola.

aPhiri_Bulawayo: Musanawauze, muwerenge kaye kuti mawu oti Hallelujah akubwerezedwa kangati m'nyimbo imeneyo, ndipo ngati alipo amene anatopa nayo chiyambire kuimbidwa mu 1742 ku Dublin. Mukatero mubwere tidzapitirize.